Phiri Limene Sindinakwere

Loweruka, 6 Julayi 2024. Faifi koloko madzulo.

Ndangokhala pansi kumene, nsapato ndavula. Mapazi atupa ngati mabanzi. Magetsi kulibe chichokereni m'mawa, ndiye ndikulembera pakhomo kusanade. Kuzizira kwa Julayi kwalowa m'mawondo.

Tsungai wapambana. Mdzukulu wanga wamkazi, wobadwa kwa mwana wanga Bonface.

Unali mpikisano wa mafunso wa ana a mpingo wathu, m'holo ya tchalitchi kuno ku Mufakose, mu Harare. Chaka chilichonse pa 6 Julayi, tsiku la ufulu wa Malawi, timachita kanthu kokumbukira kwathu. Zaka zina mphoto imakhala bulangeti kapena makope. Chaka chino mpando wa m'basi. Amayi a mpingo akupita ku msonkhano ku Lilongwe mu Ogasiti, ndipo anasiya malo a mwana amene apambane. Mwana mmodzi yekha.

Wofunsa mafunso ndinali ine. Nanga ndani wina? Maikolofoni inafa kalekale, mawu ofika kumbuyo kwa holo ndi angawa. Achinyamata a komiti anandilembera mafunso papepala ndi zilembo zikuluzikulu, yankho pansi pake ndi inki yofiira, poti kuwerenga kwanga ndi kwa sitandade 2 ya pafamu. Mafoni onse anatolera pakhomo m'dishi la ziwiya, kuti pasakhale wonong'oneza. Abusa kunalibe, anali ku maliro ku Chitungwiza.

Ana khumi ndi awiri. Mafunso ena ndinkayamba kuwamva lero lomwe akutuluka pakamwa panga. Mtsinje wa Zambezi umayambira m'dziko liti. Ku Zambia. Munthu wamkulu ali ndi mafupa angati. 206. Ndinawauza kuti amene anawerengayo sanafike kwa ine, chifukwa owawa okha amapitirira pamenepo. Kuwala kwa dzuwa kumayenda mphindi zingati kuti kufike pansi pano. Eyiti. Piyano ili ndi makiyi 88, ya mpingo wathu olira mwina ndi 60. Mawu oti nsapato ndi kalata tinabwereka kwa Apwitikizi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuvala Chipwitikizi kumapazi osadziwa.

Ana anagwa mmodzimmodzi mpaka anatsala awiri. Tsungai, ndi Emelda, kamtsikana koonda ka ku Warren Park, mwana wa Jenipher uja amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Mabelreign. Pepala linatha, mapointi ofanana. A Ricky, wapampando wa achinyamata, anati: "Gogo Nachisale, funsani limodzi la m'mutu mwanu. Inu ndiye mumakudziwa kumudzi."

Ndinafunsa. Phiri lalitali kuposa onse ku Malawi ndi liti.

Emelda ndiye anayamba kukweza dzanja. Anati Mulanje.

Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndinati: "Mulanje? Chulu cha chiswe chija? Khala pansi mwana iwe, ukafunse bwino kwanu." Holo yonse inaseka. Tsungai anati Dedza, monga wakhala akumvera kwa ine chiyambire ali kumsana. M'manja, nthungululu, amayi ena kumunyamula m'mwamba.

Ndaphika nkhuku. Tsungai wadya ntchafu zonse ziwiri, wapita kukauza anzake. Yanga ili m'mbale, ndavundikira.

Kamwana ka Jenipher kaja sikanalire. Kanakhala pansi monga ndinakauzira, manja pamawondo. Bola kakanalira.

Lamulungu, 7 Julayi. Masana.

Kutchalitchi lero moni wochuluka, koma maso osafika pankhope panga. Mafoni anatuluka m'dishi dzulo lomwe, nanga. Ndikamadutsa achinyamata akumabisa m'thumba msangamsanga. Palibe wanena kanthu. Amandidziwa. Ndinakalipirapo mkulu wa mpingo pa nkhani ya mapoto a paukwati mpaka anayamba kupemphera ku mpingo wa ku Kambuzuma.

Emelda waimba m'kwaya pamalo pake. Mayi ake andigwadira popereka moni, monga masiku onse.

Wanena ndi mmodzi yekha. A Vasco, nkhalamba ija imasoka nsapato pa Machipisa. Iwo anabadwira ku Mozambique, kumalire ndi Malawi, ku Milanje. Andipeza pampopi ndikusamba m'manja. Ati: "Mayi, chulu munanena dzulo chija ine ndinabadwira patsinde pake. Ndili mwana ndinkachiyang'ana mpaka chipewa kugwa."

Ndawauza kuti chipewa chinkagwa chifukwa mutu ndi waung'ono.

Angoseka pang'ono, napita. Sanabwereze. Munthu woipa mtima. Akanakangana nane ndikanapeza pogwira.

Ndilembe apa, poti pepala siliseka munthu. Ndinkadziwa. Si lero ayi. Ndinamvapo pa wailesi zaka zapitazo, ndinamvaponso kwa a Vasco omwewo akucheza ndi anzawo pamaliro. Mulanje ndiye wamkulu. Pamene a Ricky ananena kuti funsani la m'mutu, sindinasake funso lovuta. Ndinasaka funso loti Tsungai yekha ndiye angayankhe mondikomera. Sizinatenge nthawi. Kumeza malovu kumachedwa.

Alengeza kuti maina a okwera basi akuperekedwa Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha. Masiku seveni.

Nkhuku ija ndapatsa ana a pafupi.

Lachiwiri, 9 Julayi. M'mawa, patebulo la tomato pageti.

Dzulo sindinalembe. Tsungai anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala loyera ndi pensulo. Anati: "Gogo, ndafunsa, basi imadutsa pa Dedza pomwe. Mundijambulire njira ya kumudzi kwanu. Ndikawapatse moni ndani?"

Chichewa chake ndi chopindika, Chishona chimatulukira m'mbali, koma pa adzukulu anga naini ndi yekhayu amene amandiyankha m'chilankhulo chathu. Enawo ndikati bwera kuno amayankha m'Chishona, ndiri kuuya, maso ali pafoni.

Ndinamuuza kuti pensulo yabuntha. Mawa.

Tsopano chachikulu. Ndakhala ndikuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Ku Dedza sindinafikeko. Ku Malawi sindinapondeko. Ngakhale pa Nyamapanda, pamalire athu omwewa, sindipadziwa.

Ndinabadwira m'komboni ya famu ya fodya kufupi ndi Banket, kuno ku Zimbabwe, chaka cha 53. Bambo anga ndiye anachokera ku Dedza, wapansi, ali mnyamata. Anali munthu wosalankhula. Za kwawo anandisiyira zitatu: kumazizira, kuli mbatatesi, kuli phiri. Basi. Dzina la mudzi analitchula kamodzi ataledzera pa Khirisimasi, ine ndili ndi zaka naini, ndikuthamangitsa ana anzanga. Sindinalisunge.

Zina zonse ndinamanga ndekha. Chitsime cha patsinde pa mkuyu. Azakhali a dzino limodzi amene anathamangitsa fisi ndi musi. Tsiku lija ndinakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu, pamwamba ndikuona nyanja mbali ino, Harare mbali inayo. Ana ankafunsa, Harare, Gogo? Ndinkati inde, ndi utsi wake womwe.

Zinayamba titachotsedwa pafamu, titabwera kuno ndi mapoto m'saka. Mayi wa nyumba imene tinkachita lendi anandiuza pampopi, anthu ali pamzere ndi zidebe, kuti inu ndinu anthu opanda kwanu, mukafa mumaikidwa m'tauni ngati agalu. Ndinapukuta thovu m'manja. Ndinamuuza kuti kwathu kuli phiri loti timapiri ta kwanu tonse tingakwane m'phanga lake limodzi, mbuzi n'kupezabe pogona. Mzere wonse unaseka. Anatseka pakamwa mwezi wathunthu. Ndinaona kuti mankhwala agwira. Kuyambira pomwepo phirilo linkakula chaka ndi chaka, ndipo ine ndinkakula nalo. Maliro, maukwati, zinamwali, onse ankati funsani Gogo Nachisale, iwo ndiye amakudziwa kumudzi.

Kunamiza mayi wa lendi sindidandaula. Ngakhale lero ndingabwereze. Koma kamwana ka Jenipher kanandilakwira chiyani.

Tomato sakuyenda. Wina wagwiragwira mulu wonse, wagula anyezi mmodzi.

Lachitatu, 10 Julayi. Madzulo, chakudya chili pamoto.

Tsungai wabwera kolala ya yunifomu yong'ambika, tsaya lokandika. Wamenyana ndi Nomsa, mnzake wa m'kalasi, amenenso amaimba naye m'kwaya. Mwana ameneyu chibadwire sanamenyepo munthu. Nomsa anamuonetsa pafoni, manambala ndi zithunzi zomwe. Mulanje mamita zikwi zitatu. Dedza zikwi ziwiri ndi kakuti.

Tsungai wandiuza akupuma mothamanga: "Ndamuuza kuti foni sinakwerepo phiri. Agogo anga anakwera ndi mapazi awo."

Kenako: "Si choncho, Gogo?"

Ndinali nditalowetsa kale ulusi m'singano. Ndati imika khosi bwino, ndingakubaye.

Ndasoka kolala ali chivalire. Khosi lake lotentha pa zala zanga. Sanafunsenso.

Pamene wapita kukatunga madzi ndalowa kuchipinda kwake. Khoma lonse mapepala omata ndi phala la ufa. Mapulaneti eyiti pamzere, lalikulu Jupita. Malikulu a maiko a Afrika, ena sindingathe n'kuwatchula. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja n'kukathira mu Zambezi. Mbira, malimba, ng'oma, chilichonse ndi kochokera kwake. Miyezi itatu wakhala akuloweza zimenezi, posesa, potsuka mbale, ngakhale m'bafa ndinkamumva. Mpaka pepala linatha sanaphonye ngakhale funso limodzi. Ine sindinamuthandize, ndikanamuthandiza ndi chiyani.

Ndiye n'kutheka akanapambana yekha. Funso loona likanabwera, mwina dzanja lake likanayamba kukwera. Sindinamukhulupirire. Ndinalowetsa dzanja langa m'mbale yake.

Ndabera ana awiri ndi funso limodzi.

Lachinayi, 11 Julayi. Folo koloko, ndangobwera kumene.

Ndinapita ku Warren Park. Lachinayi masana Jenipher amapuma kuntchito. Makombi awiri, kondakitala kundikankhira mkati ngati thumba la chimanga. Ndinanyamula tomato m'pepala, abwino, osati a pansi pa mulu. Mawu ndinakonza njira yonse. Mai Emelda, ndinalakwa, mwana wanu ananena zoona. Mawu seveni okha. Ndinawabwereza mpaka mayi wa pambali panga anaganiza kuti ndikupemphera.

Amakhala kuseri kwa nyumba ya eni, chipinda chimodzi, katani pakati. Poyera poti ungadyere pansi. Jenipher anandiyalira nsalu pampando, kugwada, tiyi m'kapu ya alendo.

Mayi ameneyu ndakhala ndikumuzemba chibwerereni mumpingo. Chifukwa ndikuchidziwa. Iye ku Malawi anabadwira, anakulira, kwawo ndi ku Ntcheu, kuyandikana ndi Dedza. Anabwera kuno Emelda ali wa miyezi isanu. Sabata yake yoyamba anandifunsa mwaulemu kuti kwanu ku Dedza ndi kwa mfumu yanji, Gogo. Ndinamuuza kuti mwana wa dzulo safunsa akulu mafunso ngati wapolisi. Sanafunsenso. Zaka khumi ndi zinayi wakhala akumva nkhani zanga pamaliro, mutu chozolika, akusenda mbatata. Amadziwa. Ndikuganiza kuti wakhala akudziwa kuyambira tsiku lomwelo.

Lero ndisanatsegule pakamwa iye ndiye anayamba. Anati tikuthokoza kuti Tsungai wapambana, ndi mwana wakhama. Anatinso amayi ake ku Ntcheu akadali moyo, ndipo iwo anamuona Emelda komaliza ali wakhanda. Agogowo atamva za mpikisano ananena kuti mwana akapambana agulitsa mbuzi, akwere basi, akamuonere ku Lilongwe. "Ndawaimbira, Gogo, ndawauza kuti mbuzi aisunge." Ananena akuthira shuga. Mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula.

Emelda anafika kuchokera kusukulu. Kugwada, moni. Mayi ake anati aonetse Gogo buku lako. Kope lakuda, mafunso opitirira mazana anayi, zilembo zoongoka ngati za makina. Anatsegula yekha pa tsamba la mapiri. Afrika, Kilimanjaro. Zimbabwe, Nyangani. Malawi, Mulanje, koma wadula mzere ndi rula, pamwamba pake walemba Dedza.

Anati: "Amayi anati ndikonze, poti mwanena ndinu."

Ndinayang'ana Jenipher. Iye anayang'ana ketulo.

Apa ndiye panali pake. Mawu seveni aja anali pakhosi, ndinawamva. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Tiyi ameneyu mwathira masamba, kapena mwangomuonetsa paketi?"

Jenipher anapepesa. Anapepesa iye.

M'kombi pobwerera ndapeza tomato ali m'chikwama momwe ndinawaikira. Awiri aphwanyika.

Lachisanu, 12 Julayi. Masana.

A Ricky amameta anthu pamashopu. Ndinapita m'mawa. Atandiona anazimitsa makina, munthu ali pampando mutu theka.

Ndinati ikani ana onse awiri. Anati mipando inawerengedwa, yadzaza, amayi ena anabwezedwa. Ndinati ndibweretsa kampando kanga ka patebulo la tomato, muike pakati. Anati ayi. Ndinati Emelda ndi woonda, akhoza kukhala pamiyendo pa Mai Loveness, mayi wonenepa wa mumpingo, pali malo a ana atatu. Anati: "Basi yodutsa malire awiri si kombi ya ku Mbare, Gogo."

Kenako anatsitsa mawu. Anati komiti inakumana Lolemba. Onse anaona pafoni. Koma lamulo anaika okha mpikisano usanayambe, kuti mawu a wofunsa ndi omaliza. Angasinthe ndi mwini wake yekha, ndiponso pamaso pa mpingo, poti mwana anasekedwa pamaso pa mpingo. Ndikapanda kunena kanthu Lamulungu, dzina lopita ndi la Tsungai.

Ndinafunsa kuti nanga chikhalireni Lolemba bwanji osabwera kudzandiuza. A Ricky anayamba kupukuta chipeso chimene chinali choyera kale. Anayankha ndi wometedwa uja, munthu woti sindimudziwa n'komwe, m'Chishona, osatembenuka. Anati amakuopani, Gogo, Mufakose yense amadziwa.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikunyadira zimenezo. Lero zandimvekera ngati andiuza kuti ndimanunkha m'kamwa ndipo aliyense amangopirira.

Pobwerera ndinadutsa njira yaitali, ya kuseri kwa sukulu. Ndinkadzifunsa. Kodi chikundiluma ndi Emelda, kapena ndi basi ija yodutsa pa Dedza? Tsungai akatsika ndi pepala lake, n'kufunsa za chitsime cha pamkuyu, za azakhali a dzino limodzi, anthu n'kumamuyang'ana. Mwina ndikungofuna kugwidwa ndi dzanja langa, osati ndi alendo pamsewu. Ndafufuza m'mtima, zonse ziwiri zilimo, zasakanikirana ngati mchenga mumpunga. Kusankha sindingathe.

Chimene ndikudziwa ndi mzere uja wa rula. Mwana anali ndi choona m'buku lake, ine ndinamudulitsa ndi dzanja lake lomwe.

Bonface waimba kuchokera ku Joni. Akuti wamva, akunyada, atumiza jekete yoti mwana akavale poti kwanu mumati kumazizira. Ndati inde, kumazizira.

Loweruka, 13 Julayi. Dzuwa likupendeka.

Ndalephera kachitatu.

Tsungai anabwereka chikwama cha ulendo kwa azakhali ake a Primrose. Anakhala m'mawa wonse akuchichapa ndi burashi pabwalo, pakamwa posatseka. Akuti tikaoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete. Ndalama ya ku Mozambique ndi metikali, ya ku Malawi kwacha. Akuti Gogo mumadziwa kuti mawu oti ndege anachokera ku Chiswahili, kumeneko ndi mbalame wamba? Ndati ndiye kwawoko ndege zimaikira mazira. Waseka mpaka burashi kugwa.

Ndinaona kuti ndi pano. Ndinati Tsungai, siya chikwamacho, khala apa, ndikuuze za phiri lija.

Anapukuta m'manja, anakhala pansi, chibwano pabondo langa, monga ankachitira asanayambe sukulu. Msungwana wa zaka fifitini. Maso m'mwamba, kudikira.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindinafikeko. Ndikulumbira. Chimene ndinamva chikutuluka ndi phanga. Phanga la pamwamba penipeni, lolowera chokwawa, mkati muli kasupe wozizira woti ukamwa mano amaimba. Pakhomo pake kambuku wa khutu limodzi, wokalamba, amene salola munthu wamwano kudutsa, ndiye ine ndinadikira panja masiku awiri. Nkhani yatsopano, sindinainenepo, sindikudziwa n'komwe kumene inachokera. Inabwera yonse ndi miyendo yake. Ana a pafupi anadzaza pa mpanda wa waya. Mayi wina wodutsa anaima ndi chidebe pamutu mpaka kumapeto. Zaka zambiri sindinasimbe bwino chotere. Ndipo ndinkamva kukoma. Ndilembe zimenezonso. Ndinkamva kukoma.

Tsungai anati: "Ndikakutungirani madziwo m'botolo, Gogo. Kambukuyo ine andilola."

Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pabedi.

Pakamwa pangapa si panga. Pakangoona makutu pamayamba kuphika. Kwa a Vasco panatukwana, kwa Jenipher pananyoza tiyi, kwa mwana wanga yemwe pabereka kambuku. Mawa ndikaimirira kutsogolo kwa mpingo, anthu mazana awiri akundiyang'ana, ndikudziwa chimene chichitike. Ndiyamba bwino. Wina aseka pang'ono kumbuyo. Ndikamadzakhala pansi Dedza adzakhala atafika kumwezi, Emelda atalakwanso kachiwiri.

Dzanja lokha ndiye silinama, chifukwa limachedwa. Likamafika pakati pa bodza limakhala litatopa.

Lamulungu, 14 Julayi. Sikisi koloko m'mawa.

Tsungai, tsamba ili ndikulembera iwe. Zam'mbuyozo ndinkalembera ndekha, koma uwerenge zonse, kuyambira poyamba. Zilembo ndi zokhota, uzitha, unazolowera. Usadumphe Lachiwiri.

Mpando uja si wako. Ndi wa Emelda. Anayankha zoona, ndipo anayamba ndi iye. Mwina ukanakhala wako likanakhala funso lina, sitidzadziwa, ndipo wakulanda kudziwako ndine. Miyezi yako itatu ndaiona pakhoma. Iwe sunabe kanthu. Unangokhulupirira agogo ako, ndipo unang'ambitsa kolala chifukwa cha iwo. Nomsa ukamupepese, kapena umubweretse ndimupepese ine, bola ukhale pafupi kuti ndisamunyoze tsitsi.

Abambo ako ndiwauza ndekha akaimba. Chikwama cha a Primrose ndibweza ine, usavutike kuyenda nacho pamsewu anthu akuona.

Madzi osamba ali pambaula. Mbatata zili m'poto, idya. Ine ndatsogola kutchalitchi. Ndimafuna kulemba kuti sindikuthawa nkhope yako, koma dzanja lakana. Ndikuthawa.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Kope ili upereke kwa a Ricky mapemphero asanayambe. Nthawi ya zolengeza, maina asanatchulidwe, awerenge poyera tsamba la Lamulungu lapitalo ndi la Lachiwiri, onse awiri, osachotsa kanthu. Ine ndiimirira kutsogolo nthawi yonse akuwerenga, pakamwa chotseka. Ndikhala pafupi ndi a Vasco. Ndikangoyamba kutsegula andikoke nsalu, mphamvu zimenezo akadali nazo.

Ndikudziwa chimene ndikukusenzetsa. Wotaya mpando ndiwe, wonyamula uthenga ndiwenso. Si chilungamo. Ndikanapereka ndekha kwa a Ricky, koma ukanamvera pabenchi pamodzi ndi anthu onse, ndipo zimenezo sindingakuchite. Uyambe ndiwe kudziwa. Ukafuna kulitentha, mbaula ili pomwepo, ndipo mawu okuletsa ndilibe. Ine ndikhala ndikuyang'ana pakhomo la tchalitchi, ndione chimene walowa nacho m'manja.

A Ricky akatha, lisabwerere kwa ine. Lipite kwa Mai Emelda, awerenge ndi mwana wawo, aimbenso foni ku Ntcheu lero lomwe.

Ndikumva ukutembenuka pabedi. Ndikusiya apa, patebulo, pansi pa kapu yako.

Lipereke, mwanangu.